Mbale Zikatuluka Zakuda, Mlandu Uyambire pa Madzi

M'nyumba zambiri za eni mafamu a ku Mashonaland, kuchokera ku Bindura ndi Mazowe mpaka ku Banket, Chinhoyi ndi Karoi, muli makina otsukira mbale. Ena anatsala m'makhitchini pamene mafamu ankasintha eni ake kuyambira m'chaka cha 2000, ena anadzera pa Beitbridge atagulidwa ku South Africa ali ogwiritsidwa kale ntchito. Amapezekanso m'nyumba zogona alendo ndi m'masukulu ena ogonera komweko. Kulikonse kumene makinawa ali, dandaulo ndi limodzimodzi: chitseko chikatsegulidwa matambula atuwa mbuu, mbale zili ndi tinyenyeswa ta chakudya, ndipo masupuni akununkhabe ndiwo za dzulo.

Woyamba kufunsidwa amakhala wantchito wa m'khitchini. Kawirikawiri ndi mayi wa m'komboni, mwana kapena mdzukulu wa anthu aja anachoka ku Dedza, Ntcheu, Chipata kapena Tete kudzalima fodya m'masiku a Rhodesia, ena pansi, ena kudzera ku Mthandizi. Amanenedwa kuti ndi waulesi kapena kuti waononga makina, ndipo ena amaopsezedwa kuti awadula malipiro. Malamulo a ntchito a ku Zimbabwe salola bwana kudula malipiro mwachisawawa, ndipo a bungwe la GAPWUZ angathe kulangiza wantchito wa pafamu amene zamuchitikira. Koma mlandu usanafike kutali chotero, nkofunika kudziwa kuti mbale zambiri zotuluka zakuda zimatero pa zifukwa zomwe wantchitoyo sanayambitse, ndipo chachikulu mwa izo ndi madzi.

Aliyense amene anafikako ku mapanga a Chinhoyi anaona dziwe lobiriwira lija lili pansi pa miyala yophomoka. Mapangawo anakumbika chifukwa miyala ya kumeneko, ya laimu ndi ya dolomite, imasungunuka pang'onopang'ono m'madzi. Miyala yomweyo ndi imene imasunga madzi ambiri a pansi pa nthaka m'mafamu ozungulira Chinhoyi, ndipo nchifukwa chake zitsime zobowola za m'deralo zimatchuka ndi madzi ochuluka. Vuto lake nlakuti madziwo amatuluka atanyamula laimu wosaoneka ndi maso. Akumwa amakoma ndithu, sadwalitsa. Koma akatenthetsedwa laimu uja amatsika nkumata pa chilichonse chomwe wakhudza. Mayi amene akufuna umboni ayang'ane m'ketulo yake: zoyera zolimba zomwe zamata pansi pake ndi zomwezo zamata pa matambula, pa chitsulo chotenthetsera madzi m'makina, ndi m'timabowo tomwe madzi amatulukira.

Kuyesa nkosavuta. Munthu atenge tambula yotuwayo ndi kuipukuta ndi kansalu konyowetsedwa ndi viniga woyera. Ikayera, ndiye kuti wopalamula ndi laimu. Ikapanda kusintha, galasilo lachita kudyeka, zomwe zimachitika kumene madzi alibe laimu wambiri koma sopo amathiridwa mopyola muyeso. Tambula yotero siibwereranso mwakale, ndipo chofunika ndi kuchepetsa sopo kuti zotsalazo zipulumuke. Izi zimaoneka kwambiri kumadera a miyala ikuluikulu yosanjikizana ija, monga ku Marondera, kumene madzi a m'zitsime kawirikawiri sakhala ndi laimu wochuluka. Njira ina ndi kuthira madzi a pachitsime m'botolo limodzi ndi a mvula m'botolo lina, kuponyamo kachidutswa ka sopo wamtanda kofanana, nkukhutchumula. Botolo lomwe thovu likukana ndipo madzi angochita mkaka, ndilo la madzi a laimu.

Opanga makina anadziwa za vutoli. Makina ambiri opangidwa potsata kapangidwe ka ku Ulaya ali ndi chivundikiro chopotokola pansi penipeni, pafupi ndi sefa. Mkati mwake mumathiridwa mchere. Mcherewo sutsuka mbale, ntchito yake ndi kutsitsimutsa kabokosi kamene kamagwira laimu madzi asanalowe m'makina. Mchere ukatha kabokosiko kamadzaza, nkusiya kugwira ntchito. Pali makina amene akhala zaka pafamu osalawa mchere ngakhale kamodzi, chifukwa amene anawasiya kapena kuwagulitsa sanasiye buku lake, ndipo wantchito sanauzidwe kuti chivundikirocho nchachiyani. Wofunika ndi mchere wamiyala wopangidwira makinawa. Wa patebulo ndi wosalala kwambiri ndipo uli ndi zosakaniza zomwe zingatseke kabokosiko. Makina ambiri alinso ndi poikira muyeso wa laimu wa m'madzi a pamalopo. Akasiyidwa pa muyeso wa madzi a m'tauni kumene anachokera, mchere womwe akugwiritsa ntchito umachepa pa madzi a ku Chinhoyi.

Laimu amene wamata kale amachoka pochapa makina opanda mbale, pa madzi otentha kwambiri, ndi mankhwala ochotsera laimu ogulidwa m'sitolo kapena ndi kapu ya viniga woyera yoikidwa chilili pa chitsulo cha pamwamba. Viniga asamaphatikizidwe ndi Jik ngakhale pang'ono. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni womwe umapsereza maso ndi mapapo, makamaka m'khitchini yotseka mazenera.

Zitatha za laimu, pobwera ndi pa sefa. Magetsi azimitsidwe kaye pakhoma. Sefa ili pansi pa makina ndipo imachoka poipotokola. Itsukidwe ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Makina amazunguliza madzi omwewo kambirimbiri pa kutsuka kumodzi, kotero sefa ikadzaza ndiye kuti mbale zikusambitsidwa ndi msuzi wa sabata yatha. Pochotsa zinyalala m'dzenje la pansi pa sefa munthu asamale zala, popeza magalasi osweka amabisala mmenemo. Kenaka achotse mikono iwiri yozungulira ija yomwe imawaza madzi, aiyang'ane padzuwa, ndi kutokosa bowo lililonse lotsekeka ndi kamtengo kosongoka. M'mafamu timabowoti timatsekeka ndi laimu, mchenga wa m'chitsime, njere za tomato ndi minga ya nsomba za ku Kariba. Pomaliza pali kasefa kena kakang'ono komwe ambiri sakadziwa, kobisika pamene paipi ya makina yalumikizana ndi mpope. Mpope utsekedwe, paipi imasulidwe, kasefako katsukidwe. Pafamu yomwe thanki yake siinatsukidwe kwa zaka zingapo, kasefaka kamapezeka katadzaza matope ndi ndere.

Thanki nayo ili ndi mbali yake. Makinawa anapangidwira nyumba za m'tauni zomwe madzi amabwera ndi mphamvu, pamene pafamu madzi amangotsetsereka kuchokera pa nsanja. Mamita 10 a kutalika, kuyambira pa mpope kufika pamwamba pa madzi a m'thanki, ndiwo amapereka mphamvu yomwe amisiri amaitcha bar imodzi, ndipo makina ambiri amafuna theka la bar kapena bar yathunthu kuti adzaze bwino. Thanki ya pa nsanja yaifupi, ili ndi madzi a pansi okha m'mwezi wa Okutobala, singakwanitse. Makampani ena amanena kuti mpope uzitulutsa malita 10 pa mphindi imodzi, ndipo ichi munthu angachiyese ndi ndowa ndi wotchi. Madzi akachepa, mikono ija imazungulira mofooka ndipo mbale za pamwamba zimatuluka monga zinalowera. Mankhwala ake ndi kapampu kowonjezera mphamvu kapena kukweza thanki, ndipo zonsezi nza mwini nyumba.

Za magetsi sizifuna mawu ambiri kwa munthu wa ku Zimbabwe. M'chaka cha 2019, komanso kumapeto kwa 2022 pamene madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, madera ambiri ankakhala maola okwana 18 pa tsiku opanda magetsi. Makina akazima pakati pa ntchito madzi amazizira, mafuta nkuundananso pa mbale. Chitsulo chotenthetsera madzi chimadya mphamvu pafupifupi mawati 2,000, yomwe sola yaing'ono ya panyumba singaipirire. Ngati magetsi analipo nthawi yonse koma mbale zatuluka zozizira, popanda nthunzi, ndiye kuti chitsulocho chapsa. Apa pokha ndi pofunika kuitana mmisiri.

Chinanso chomwe mabuku a makinawa sanena ndi nsima. Amene anawapanga ankaganiza za mbale za msuzi ndi mbatata, sankadziwa nkhoko. Nsima kapena phala likauma pa mbale limagwira ngati ulimbo, ndipo mbale yomwe yadikira kuyambira masana mpaka magetsi abwere usiku imafuna kupalidwa ndi kunyikidwa m'madzi isanalowe m'makina. Poto wa nsima ndiye angotsukidwa pamanja. Sopo wa makina ali ndi mankhwala ophwanya zakudya za ufa, koma amatha mphamvu akasungidwa ponyowa mpaka kuundana. Sopo wamadzi wotsukira pamanja asathiridwemo. Amachita thovu lochuluka lomwe limalepheretsa pampu kukoka madzi ndipo limasefukira pansi. Mbale zisagonerane, ndipo mpeni kapena mthiko wautali usatchinge mkono kuzungulira.

Mbiri ya makinawa ili ndi koseketsa kake. Amene anapanga oyamba kugulidwa ndi anthu ambiri anali mayi wa ku Illinois ku America, Josephine Cochrane, amene analandira chiphaso cha luso lake mu 1886 ndi kukaonetsa makinawo pa chionetsero cha ku Chicago mu 1893. Zimanenedwa kuti chomwe chinamuyambitsa ndi kudandaula kuti antchito ake ankabenthula mbale zake zamtengo wapatali. Choncho makina amene anapangidwa pofuna kuthetsa mikangano ya dona ndi wantchito wa m'khitchini akuyambitsabe mikangano yomweyo patapita zaka zoposa 130.

Mu 1959 katswiri wa za sopo wa ku Germany, Herbert Sinner, anafotokoza kuti kutsuka kulikonse kumadalira zinthu zinayi: sopo, kukwecha, kutentha ndi nthawi. Chimodzi chikachepa, zinazo ziyenera kuwonjezeka kuti zikwirire mpatawo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. M'makina, laimu amafooketsa sopo, timabowo totsekeka timachepetsa kukwecha, ndipo kuzima kwa magetsi kumalanda kutentha ndi nthawi. Lamulo limeneli silisankha khitchini. Mayi yemwe uja akaweruka nkubwerera kukomboni, kumene makina ake ndi manja, beseni ndi chinkhupule, amakumana ndi zinthu zinayi zomwezo. Kusiyana kwake nkwakuti kunyumba ya bwana mbale yosayera imadzetsa mkangano, pamene kukomboni ingadzetse maliro.

Chisanafike chaka cha 2000, m'mafamu akuluakulu pafupifupi 4,500 a m'dzikolo munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, ndipo madzi a m'makomboni ambiri ankachokera ku pampu ya famu. Mafamu atagawidwa, m'malo ambiri mapampu anafa, mapaipi anazulidwa, ndipo mabanja amene anatsala m'makomboni anayamba kutunga kumadamu, kumitsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa. Kolera amene anabuka mu Ogasiti 2008 anagwira anthu pafupifupi 100,000 ndi kupha oposa 4,000 pofika pakati pa 2009, ndipo tauni ya Chegutu, yozunguliridwa ndi mafamu, inali m'gulu la malo amene anavutika kwambiri. Mliri wina umene unayamba mu Febuluwale 2023 unayambira ku Chegutu komweko. Kachilombo ka kolera kamayenda m'madzi ndi m'chakudya, ndipo mbale yotsukidwa ndi madzi oipa ndi imodzi mwa njira zake zofikira pakamwa pa mwana.

Cholakwika chofala m'komboni chikufanana ndi cha sefa yodzaza: beseni limodzi kutsukira zonse. Madzi ndi a mtunda wautali ndipo palibe angadzudzule mayi wowasunga, koma mbale yachikhumi yotuluka m'beseni lotero yangosamba m'zotsalira za zinzake zisanu ndi zinayi. Madzi omwewo akagawidwa patatu amagwira ntchito yoposa. Zotsalira zipalidwe kaye nkupatsidwa nkhuku. Beseni loyamba likhale la madzi ofunda ndi sopo. Kuteleka kachitini ka madzi pa makala otsala pophika sikutha nkhuni zina. Lachiwiri ndi lotsukuluzira. Lachitatu, makamaka pa nthawi ya mliri, pamaliro, pazinkhoswe ndi pasukulu yomwe ana amalandira phala, likhale la madzi oyera othira Jik wamba wosanunkhira: supuni yaikulu imodzi m'malita 5, mbale nkukhalamo mphindi imodzi kapena ziwiri. Jik sagwira bwino m'madzi amatope kapena pa mbale yamafuta, nchifukwa chake amabwera pomaliza. Madzi a kudamu ayambe aikidwa kuti matope atsike, ndi kutsanulidwa mosamala. Ziwiya za mwana, makapu ndi masupuni zitsogole pamene madzi akali oyera, mapoto atsirize. Madzi a m'beseni lachiwiri angathe kudzakhala a beseni loyamba pa kutsuka kotsatira.

Sopo akasowa, phulusa la nkhuni ndi mnzake weniweni. Likakumana ndi mafuta ndi madzi ofunda limasanduka ngati sopo wofooka, ndipo agogo amene ankatsukira phulusa sankalakwitsa. Likhale loyera, lochokera pamoto, lisakhale lotola padzala kapena lotenthera mapulasitiki. Mchenga wa pabwalo ndiye wokayikitsa: umakanda mbale za pulasitiki nkusiya timing'alu tobisalamo litsiro, komanso pabwalo mpomwe nkhuku, agalu ndi ana amadzithandizira. Kumene madzi ali a laimu, sopo wamtanda amasiya zotuwa zomata pa mbale. Kumeneko sopo wamadzi amachita bwinoko, ndipo madzi a mvula okololedwa padenga amayeretsa matambula kuposa a pachitsime. M'mafamu a fodya ndi maluwa pali chiyeso china, cha zigubu zomwe munali mankhwala opopera mbewu. Nzolimba ndipo zimapezeka ulere, koma poizoni wake amalowerera m'pulasitiki ndipo sachoka ngakhale zitatsukidwa kangati. Zisasungirwe madzi akumwa kapena otsukira mbale.

Gawo lomwe limanyozeka kwambiri ndi kuumitsa. M'makina mbale zimauma ndi kutentha popanda wozikhudza, ndipo ichi nchimodzi mwa zifukwa zomwe zimatulukira zaukhondo. Pakhomo ntchito imeneyi ndi ya thandala. Kachilombo ka kolera sikapirira kuuma, kotero mbale yovundikiridwa pathandala mpaka kuuma gwa padzuwa yalandira mankhwala aulere. Kansalu kopukutira, komwe kamakhala konyowa tsiku lonse paphewa, kupukuta manja, tebulo ndi mphuno ya mwana, kamabwezera pa mbale zonse zomwe madzi anachotsa. Chinkhupule nachonso chitsukuluzidwe ndi kuyanikidwa, chisagone m'madzi a m'beseni.

Uphungu umenewu si wachilendo m'mafamu a Mashonaland. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'boma la Bindura munayamba ndondomeko yophunzitsa alangizi a zaumoyo a pafamu, mothandizidwa ndi bungwe la Save the Children la ku Britain, ndipo inafalikira kumaboma ena. Alangiziwo, ambiri a iwo amayi a m'makomboni momwemo, ankalimbikitsa chimbudzi cha Blair, chomwe Peter Morgan anapanga ku Blair Research Laboratory m'zaka za m'ma 1970, pamodzi ndi dzenje la zinyalala ndi thandala. Magulu a zaumoyo a m'midzi omwe anayamba m'zaka za m'ma 1990 ankawerengeranso thandala pa zizindikiro za khomo laukhondo. Ndondomeko ya alangizi a pafamu inafooka kwambiri itadutsa 2000 chifukwa ambiri ankalipidwa ndi eni mafamu amene anachoka. Amayi ena amene anaphunzitsidwa nthawi imeneyo akadalipo m'makomboni, ndipo mlangizi watsopano amene wafika pamalo angachite bwino kuwafunafuna ndi kuwapempha kuti aziyenda naye m'makomo. Mawu akuti “Amayi, tiyeni tione thandala lanu” amalandiridwa mosavuta akachokera kwa agogo odziwika pakomboni kusiyana ndi kwa mlendo wa kuboma.

Thandala labwino lifike m'chiuno mwa munthu wamkulu kapena kupitirira pang'ono, kuti galu ndi mbuzi zisafikire, ndipo likhale poomba dzuwa, kutali ndi chimbudzi ndi khola. Mitengo ya bulugamu yotsala pomanga zigafa za fodya imakwanira, pamwamba nkuyala nsungwi kapena waya wa nkhuku kuti madzi azidontha. Pansi pake pakumbidwe dzenje lofika m'mawondo nkudzazidwa miyala ndi zidutswa za njerwa, kuti madzi azilowa pansi m'malo mopanga chithaphwi choitana ntchentche ndi udzudzu. Mbale zikauma zilowe m'nyumba, m'dengu kapena m'ndowa yovundikira, dzuwa lisanalowe. Madzi otsukuluzira angathirire nthochi kapena mapapaya a pakhomo, koma a Jik ndi a phulusa lambiri atayidwe m'dzenje lija, asafike pa bedi la masamba.